Kavalo Kukhala Nduna, Mngoni Kulankhula Chinsenga: Mafunso ndi Mayankho pa Crusader Kings

Pali masewera a pakompyuta amene munthu amawayamba ali mfumu ya England, n'kudzapezeka ali m'ndende ya mdzukulu wake yemwe. Dzina lake ndi Crusader Kings. Owasewera akakumana sachedwa pa nkhondo zimene anapambana. Amasimbirana za ukwati umene unagwetsa ufumu, za sing'anga amene anadula mwendo wa mfumu, za kavalo amene anapatsidwa unduna. Mlendo akamva amayesa nthabwala. Koma munthu wa ku Petauke kapena ku Nyimba amene anakhalako pansi n'kumvera akuluakulu akufotokoza za Undi, Kalindawalo ndi Mpezeni, zambiri mwa zodabwitsazi amazizindikira msanga.

Kodi Crusader Kings ndi masewera otani?

Anawapanga ndi a kampani ya Paradox ya mumzinda wa Stockholm ku Sweden. Oyamba anatuluka mu 2004, achiwiri mu Febuluwale 2012, achitatu mu Sepitembala 2020. Pa sikirini pamatambasuka mapu a Ulaya, Asia ndi mbali ina ya Africa, ogawidwa m'timadera mazanamazana, kalikonse ndi mwini wake. Nyengo yake ndi yamakedzana, ya malupanga ndi malinga amiyala. M'masewera achitatuwa munthu angayambire mu 867, mu 1066 kapena mu 1178, ndipo kalendala imakathera mu 1453, chaka chimene mzinda wa Constantinople unagwa m'manja mwa Aturuki.

Wosewera amapatsidwa munthu mmodzi, mfumu yaikulu kapena yaing'ono, ndi banja lake lonse. Amamusankhira mkazi, amasankha womulerera ana, amaika nduna, amatolera msonkho, amakonza nkhondo ndi ziwembu. Mfumuyo ikamwalira, wosewera amalowa mwa mlowam'malo wake, kaya ndi wanzeru, kaya ndi chidakwa, kaya ndi khanda loyamwa. Tsiku limene mpando udzasowe wa magazi a banjalo woti n'kuulowa, masewera amathera pomwepo.

Nanga n'chifukwa chiyani zinthu zimatuluka mosayembekezereka chonchi?

Chifukwa pa mapupo pali anthu ena zikwizikwi amene kompyuta ikuwayendetsa, ndipo aliyense ali ndi mtima wake. Wina ndi wadyera, wina wamantha, wina wopemphera, wina wachiwerewere. Aliyense amakwatira, amabereka, amasunga chakukhosi, amafuna malo. Pamwamba pa zimenezi pamabwera mwayi ndi tsoka, monga matenda, ngozi ya kuulenje, kapena mwana wobadwa ndi chilema.

Pa nsolo, njere zimapita kumene dzanja laziponya. Muno njere iliyonse ili ndi maganizo ake, ndipo ina ikukonza zopha mwini dzanjalo.

Chitsanzo chodziwika ndi cha 1066. M'mbiri yeniyeni, amuna atatu analimbirana England chaka chimenecho: Harold Godwinson, Harald Hardrada wa ku Norway, ndi William wa ku Normandy amene anapambana ku Hastings. M'masewera nkhondoyi imamenyedwanso nthawi iliyonse munthu akayamba. Lero apambana William. Mawa William afa ndi malungo asanawoloke nyanja, England n'kukhala ya Anorway kwa zaka 200. Palibe amene analemba kuti zidzatero. Malamulo ang'onoang'ono ambiri akagundana, amabala nkhani imene ngakhale opanga masewerawo sanaiganizire.

Za kavalo zija n'zoona?

N'zoona. M'masewera achiwiri, mfumu imene yapenga ikhoza kuchotsa nduna yake yaikulu n'kuikapo kavalo wotchedwa Glitterhoof. Opanga anatengera nkhani ya Caligula, mfumu ya Aroma imene amati inafuna kupatsa kavalo wake Incitatus udindo waukulu m'boma. Iwo ankayesa ndi nthabwala ya kanthawi. Koma osewera anafufuza mpaka anapeza mpata m'malamulo woti kavaloyo apatsidwe malo. Kavalo atakhala mwini dera, kompyuta inayamba kudzaza bwalo lake ndi akavalo anzake, ndipo ena anafika pomanga maufumu athunthu olamulidwa ndi akavalo.

Zilipo zina. Chiwembu china chophera mdani n'chodzaza manyowa kunsi kwa nyumba ya alendo kuti mpweya wake uphulike. Chigawo chowonjezera cha mu 2016 chinabweretsa miliri ndi asing'anga a kunyumba yachifumu, oti mfumu ikadwala pang'ono atha kuichiza kapena kuidula dzanja. China cha mu 2012 chinatembenuza mbiri dala, Aaziteki a ku Mexico n'kuwoloka nyanja kudzalanda Ulaya, zimene osewera ena anazikonda ndipo ena anakwiya nazo.

Zimenezi ndiye zimaseketsa anthu pa intaneti. Koma amene asewera nthawi yaitali amadziwa kuti zopweteka mutu zenizeni zili kwina.

Kuti? Kunkhondo?

Pamaliro. Kumayambiriro kwa masewera, maufumu ambiri amatsata lamulo loti bambo akamwalira malo agawidwe kwa ana onse aamuna. Munthu amatha maola ambiri akulumikiza madera, mfumu yake n'kufa yasiya ana asanu, ufumu n'kung'ambika pasanu, abale n'kuyamba kuthirana nkhondo. N'chifukwa chake osewera amachita zinthu zochititsa manyazi: kutumiza mwana wachiwiri kuunsembe, kuika wachitatu patsogolo pa gulu lankhondo lochepa dala, kapena kumana ena cholowa.

Mbiri ya Angoni ili ndi chitsanzo chomveka kuposa cha pakompyuta. Zwangendaba Jere anathawa nkhondo za kumwera m'masiku a Shaka, nawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku limene kunachita kadamsana. Atawoloka anakhala zaka zingapo m'dziko la Ansenga, akugwira anthu ndi kukulitsa gulu lake, kenako anapitirira kumpoto mpaka ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Kumeneko anamwalira cha mu 1848, ana ake akadali aang'ono, ndipo akuluakulu anasiyana maganizo pa nyumba yoyenera kutulutsa mfumu.

Gulu limene linayenda pamodzi mtunda wonsewo linabalalika m'zaka zochepa. Otsatira Ntabeni analowera kumpoto, cha ku nyanja ya Victoria. A Zulu Gama anapita kum'mawa, ku Songea. M'mbelwa anakhazikika ku Mzimba m'Malawi. Mpezeni anatembenukira kumwera, nabwerera kudziko lomwe lija la Ansenga limene bambo ake anadutsamo, asanasunthire kumapiri a Chipata. Palibe mdani amene anagonjetsa gulu la Zwangendaba kuti ligawike chonchi. Linagawika ndi funso la mlowam'malo.

Paja Angoni ndiwo anagonjetsa. Zinatheka bwanji kuti lero a Mpezeni azilankhula Chinsenga?

Apa ndi pamene masewera ndi mbiri ya kwathu zimakumana bwino kwambiri.

Mu Crusader Kings munthu aliyense ali ndi mtundu ndi chilankhulo, ndipo mwana akhoza kutengera mtundu wa amene akumulera. Wosewera wosasamala amapereka mwana wa mfumu kwa mlezi wanzeru wa mtundu wina, pofuna kuti aphunzire bwino, n'kudzadabwa patapita zaka kuti mlowam'malo wake wavala za eni dziko ndipo akulankhula zawo. Kuyambira mu 2022 masewera achitatu amalolanso kuti mitundu iwiri yokhala pamodzi isakanikirane n'kubala mtundu watsopano. Opanga ankaganiza za anthu ngati Anormani, amene anali Maviking koma atakhala ku France anayamba kulankhula Chifalansa.

Zimene zinachitikira Angoni a Mpezeni n'zomwezo. Mphamvu yawo inali yolowetsa anthu. Akathira nkhondo mudzi, anyamata ogwidwa ankalowa m'magulu ankhondo, atsikana ankakwatiwa m'makomo a Angoni. Mwa akazi amenewa ochuluka anali Ansenga. Bambo ankakhala kubwalo, kukhola kapena kunkhondo, mwana ali kumsana kwa mayi, pamtondo, kudambo, akumva Chinsenga kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mibadwo iwiri kapena itatu inakwana. Pamene katswiri wa chikhalidwe J. A. Barnes ankafufuza pakati pawo m'zaka za m'ma 1940, chilankhulo cha tsiku ndi tsiku m'midzi yawo chinali kale mtundu wa Chinsenga.

Mpaka lero munthu wa ku Petauke akafika ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala, umene unayambiranso mu 1980 ndipo umachitika kumapeto kwa Febuluwale, amaona zikopa, zishango ndi nthungo za kumwera, amamva nyimbo ndi matamando m'Chingoni chakale. Koma wovina yemweyo akatsika m'bwalo n'kumupatsa moni, amati “Muli tyani?”, monga amanenera agogo ake kumudzi. Ndipo pakati pa Angoni a ku Chipata ziwongo ngati Tembo, Sakala, Lungu ndi Mwanza si zosowa.

Angoni anasunga ufumu wotsata bambo, malowolo ndi ng'ombe. Chilankhulo anachisiya m'manja mwa amayi a Chinsenga, ndipo amayiwo sanafunikire nthungo.

Kodi wogwidwa kunkhondo angadzakhale mfumu?

M'masewera zimachitika kawirikawiri. Wandende waluso amamasulidwa, amapatsidwa gulu lankhondo, kenako kadera, ndipo tsiku lina amapandukira amene anamukweza.

Kwathu kuno dzina lake ndi Chiwere Ndhlovu. Anali Mnsenga wogwidwa ndi Angoni, anakulira pakati pawo, nakhala mtsogoleri wankhondo. Pambuyo pake anapatuka ndi anthu ake n'kukakhazikika ku Dowa m'Malawi, kumene Achewa ankamuopa monga Mngoni weniweni. Ufumu wa Chiwere ulipo ku Dowa mpaka lero.

Kumwera kwa Nyimba, cha ku Zumbo ndi Feira, kunalinso Achikunda. Poyamba anali akapolo onyamula mfuti pa minda ya Apwitikizi m'mbali mwa Zambezi. Mindayo itafooka, anasanduka eni mphamvu, ndipo atsogoleri awo monga Matakenya ndi Kanyemba anasautsa midzi ya m'chigwa cha Luangwa posaka minyanga ndi akapolo.

Nanga nkhani ya Undi ikulowa pati?

Imeneyo ndiye ikanasangalatsa wosewera aliyense, chifukwa ndi nzeru ya mpando imene kompyuta siidziwa.

Mbiri yapakamwa ya Achewa imasimba kuti Kalonga wina atamwalira ku likulu la Amaravi, kufupi ndi kumwera kwa nyanja ya Malawi, Undi ankayembekezera mpando koma anamudumpha. Sanamenye nkhondo. Ananyamuka kulowera kumadzulo, nakamanga ku Mano, dera limene lero lili m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Pochoka anatenga Nyangu, mayi wa ufumu, pamodzi ndi akazi a banja lachifumu la Aphiri. Kwa Achewa mfumu imabadwa mwa mlongo wake wa mfumu. Amene ali ndi mbumba ndiye ali ndi mafumu a mawa. Choncho a ku likulu anatsala ndi mpando, koma olowa mpandowo ankabadwira kwa Undi.

Mphamvu ya Undi inafalikira mpaka kwa Ansenga, ndipo njira yake yaikulu inali maukwati ndi chibale cha maina, choti wolowa dzina amalowanso ubale wonse wa amene anamutsogolera. Mbiri ya Kalindawalo, mfumu yaikulu ya Ansenga a ku Petauke, imalumikizana ndi Undi m'njira imeneyi. Mapeto ake ndi odabwitsa. Ufumu wa Kalonga kunyanja unatha m'zaka za m'ma 1860 pakati pa nkhondo za Ayao ndi Angoni. Dzina la Kalonga lero lili ndi nyumba ya amene anadumphidwa uja. Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika m'boma la Katete, ndipo chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti mafumu ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amapita kukagwada kwa iye pa mwambo wa Kulamba.

Crusader Kings ili nawo ukwati woti ana akhale a banja la mayi, ndipo osewera ochenjera amaugwiritsa ntchito kulanda maufumu a anzawo popanda kuponya muvi. Komabe maziko a masewerawa ndi a bambo ndi mwana wake. Dongosolo loti mpando upite kwa mwana wa mlongo, amayi a mbumba n'kukhala ndi mawu posankha, ngati mmene zilili kwa Kalindawalo, kwa Ndake, kwa Luembe, kwa Nyalugwe kapena kwa Mwape kumene mpando umadziwika ndi mafumu aakazi, si limene opanga anamangirapo nyumba yawo. N'zachisoni ndithu, chifukwa mikangano ya dongosolo limeneli ndi yokoma kuisewera. Alongo akakhala atatu, nyumba zoyenera mpando zimakhalanso zitatu. Anthu a ku Petauke amakumbukira mmene mpando wa Kalindawalo unalimbiranidwira zaka zambiri pakati pa banja la M'ndikula ndi la Nsangu, mpaka nkhaniyo inakafika m'makhoti.

Ndiye kuti Petauke ndi Nyimba zilipo pa mapu a masewerawa?

Ayi. Chigwa cha Luangwa mulibe, ndipo nthawi ya masewerawa imatha Undi asananyamuke. Wofuna kusewera Africa amapeza Ghana wakale, Ethiopia, Nubia ndi dziko la Ahausa, kumene mu 867 angayambe ndi mfumu yaikazi Daurama wa ku Daura.

Amaravi amapezeka m'masewera ena a kampani yomweyi otchedwa Europa Universalis IV, oyambira mu 1444. Enanso, Victoria 3, amayamba pa 1 Januwale 1836, patangopita masabata ochepa Zwangendaba atawoloka Zambezi.

Akuti m'masewerawa munthu amatha kupeka umboni woti malo a mnzake ndi ake. Zimenezo si zongopeka?

Zikanakhala zongopeka, mbiri ya chigawo cha kum'mawa ikanakhala ina. Mu Crusader Kings mfumu siiloledwa kungoukira mnzake popanda chifukwa. Imatuma wansembe wake kuti akakhale m'dera la mnzakeyo miyezi ingapo, afukule mapepala akale, apeze kapena apange umboni woti deralo ndi la mbuye wake. Akabwera nalo pepala, mfumu imalipira golide, nkhondo n'kukhala yovomerezeka.

Kwa Mpezeni kunabwera Mjeremani wamalonda dzina lake Carl Wiese. Anakhala naye bwino, ndipo mu 1891 anapeza pepala lomupatsa ufulu wa miyala ndi malo m'dziko la Mpezeni. Pepalalo linagulitsidwa, linadutsa m'manja angapo, mpaka mu 1895 linabala kampani ya North Charterland Exploration, imene inatenga malo okwana masikweya mailosi 10,000. M'malo amenewa munali Petauke, dziko la Ansenga amene sanafunsidwe n'komwe. Ku London kunali mphekesera zoti kuli golide wosaneneka.

Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaona kumene zinkalowera ndipo anasonkhanitsa ankhondo. Mu Januwale 1898 asilikali ochokera ku Nyasaland anafika ndi mfuti zazikulu, midzi inatenthedwa, ng'ombe zinalandidwa, Nsingo anagwidwa n'kuwomberedwa mu Febuluwale. Mpezeni anamwalira mu 1900 mphamvu zitamuthera. Nanga golide uja? Wochuluka amene ankamulota sanapezeke. Wochepa anakumbidwa ku Sasare, kumpoto kwa Petauke, kwa Ansenga. Anthu anathinitsidwa m'malo osungidwa kuti apereke mpata kwa azungu amene ambiri sanabwere, nthaka yabwino n'kumangomera tchire, mpaka boma la atsamunda linagula malo a kampaniyo mu 1941.

Kodi masewerawa angaphunzitse munthu mbiri?

Madeti ayi. Pakangopita zaka makumi awiri kuchokera pamene munthu wayambira, mapu amakhala atasiyana kale ndi a m'mabuku, ndipo mwana wasukulu amene angalembe pa mayeso kuti Anorway analamulira England mpaka 1300 adziputira yekha.

Chimene amaphunzitsa bwino ndi mmene mpando umagwirira ntchito. Wosewera amazindikira msanga kuti mfumu siilamula yokha, kuti nduna yonyozedwa imasunga mkwiyo, kuti ukwati umodzi ukhoza kubweretsa dera limene nkhondo zitatu zinalephera. Akabwerera ku nkhani za Undi kapena za Mpezeni, amasiya kuziona ngati mndandanda wa maina woloweza. Amayamba kufunsa kuti mayi wa uyu anali yani, analeredwa ndi yani, ndani anadumphidwa.

Chofooka chake n'chakuti munthu wamba samaoneka. Alimi amakhala nambala ya msonkho ndi ya asilikali basi. Mayi wa Chinsenga amene anachotsedwa kwawo ndi nkhondo, n'kulera ana a womugwira m'chilankhulo chake, pa sikirini angangokhala kachizindikiro kakang'ono kosintha mtundu. Ululu wake masewera saudziwa. Za iye munthu akazimve kwa akuluakulu, pa mwambo wa Tuwimba ku Petauke mu Okutobala kapena pakhonde kumudzi.

Nanga wachinyamata wa ku Nyimba kapena ku Petauke amene akufuna kuyesa ayambire pati?

Pafunika kompyuta, pakuti awa si masewera a pafoni. Achitatu amafuna makina amphamvu ndipo ndi ogula, amapezekanso pa PlayStation 5 ndi Xbox kuyambira mu 2022. Achiwiri, amene muli kavalo uja, anakhala aulere pa sitolo ya pa intaneti ya Steam kuyambira mu Okutobala 2019, ngakhale zigawo zambiri zowonjezera, kuphatikizapo cha kavaloyo, zimagulidwa padera. Amenewa laputopu yakale imatha kuwanyamula. Intaneti imafunika kwambiri powatsitsa, pambuyo pake munthu akhoza kusewera yekha osawononga mabandulo. Poti magetsi amathimathima, ndi bwino kusiya masewera akudzisunga okha chaka chilichonse cha m'katimo.

Mawu ake ndi ambiri ndipo ali m'Chingerezi ndi zilankhulo zina zakunja, Chinyanja kapena Chinsenga mulibe. Makolo adziwenso kuti muli zakupha, zachigololo ndi maukwati a pachibale, choncho si a ana aang'ono. Ongoyamba kumene amalangizidwa kutenga kadera kakang'ono ku Ireland mu 1066, kumene adani ake ndi ochepa mphamvu.

Kampani ya Paradox imalola osewera kusintha masewerawa, kujambula mapu awo ndi kulemba malamulo awo, ndipo anthu a m'maiko ambiri achita zimenezo ndi mbiri za kwawo. Achinyamata a kum'mawa amene mumadziwa za makompyuta, nkhani ya Nyangu, Kalindawalo, Mwape ndi Nsingo muli nayo pakhomo, ndipo akuluakulu oidziwa akadalipo. Pitani mukawafunse, mulembe malamulo a mpando wa mwana wa mlongo, muike Luangwa pa mapu.